Kumbuyo kwa Tayala la a Lameck

A Lameck Kamphinda sanawinepo mpikisano wa njinga ngakhale umodzi. Mukawafunsa amangoseka, amvekere, "Ndiwine kuti nditani nazo?" Kunyumba kwawo ku West Bromwich, kuno ku Mangalande, kulibe chikho, kulibe mendulo, pakhoma pali kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati basi. Koma kafunseni amuna a timu ya njinga ya Swan Village, anthu oti sabata yonse amakhala pa ntchito zawo n'kumakathamangitsana Loweruka popanda wowalipira, kuti munthu wofunika kwambiri pakati pawo ndani. Akuuzani kuti ndi Basi ya 74. Ndi a Lameck amenewo. Dzinali anawapatsa ndi Zion wa ku Aston, mnzawo wa mu timu wa pakamwa posatseka, ati ukakhala kumbuyo kwawo zimakhala ngati wabisala kuseri kwa basi yosanja ija yopita ku Dudley.

Tiyambe ndi mphepo, chifukwa ambiri mumaganiza kuti mdani wa wopalasa njinga ndi chitunda. Ayi ndithu. Chitunda chimatha. Koma njinga ikafika pa liwiro la galimoto ya m'tauni, mphepo imasanduka chinthu chogwirika, imakukankha pachifuwa ngati chitseko chimene wina akulimbana nacho kunja. Ndiye timu iliyonse imafuna munthu wotchinga. Iye amakhala kutsogolo n'kumaing'amba mphepoyo ndi thupi lake, anzake atandandalikana kumbuyo, akupuma, akusunga mphamvu za kumapeto. Kungoti kubisalako kumatheka pokhapokha utayandikira zenizeni. Pakati pa tayala lako lakutsogolo ndi tayala lake lakumbuyo pazikhala malo ongokwana chikhatho. Taganizani! Pa liwiro limenelo msewu suuona, umangoona msana wa mnzako. Akakhota, ukhote. Akagwira buleki osachenjeza, wapita. Khosi lako umalipereka kwa munthu amene ukumuona kabudula yekha.

A Lameck ndi a ku Ntcheu, cha ku Biriwiri, m'mbali mwa msewu waukulu. Kumudzi anali mphunzitsi wa pulayimale, wa mawu oti akaitana mwana ali mu kalasi amayankha ndi ana a ku gulaundi. Kuno anabwera potsatira akazi awo, a Vailet, amene ndi namwino pa chipatala cha boma. Iwo anapeza ntchito yonyamula makatoni m'chinyumba chosungira katundu, ndipo poti shifiti yam'mawa imayamba thiramu, sitima ya m'tauni ija, isanadzuke, anagula njinga yakale yolemera, ya keriyala ndi belu.

Loweruka lina akupita kukaona m'bale wa kumpingo cha ku Wolverhampton, mphepo ikuwomba kumaso, anamva anthu akupuma kumbuyo kwawo. Kucheuka, amuna asanu ovala zothina, mitu pansi, atawamamatira ngati nkhupakupa. A Lameck anachita manyazi kuti akuwatsekera njira. Anapatukira kumanzere. Iwonso kumanzere. Anawonjezera moto kuti awasiyire msewu, koma ndiye anthu aja anangowamamatira kwambiri. Anapalasa mpaka juzi inanyowa, mumtima akuti kaya ndi apolisi kaya ndi akuba, Ambuye ndinu mukudziwa. Anakaima pa maloboti.

"Pepanitu abwana," anatero akupuma mwawefuwefu, "mukanangondipitirira."

Wakutsogolo, bambo wamfupi wa ndevu zofiira, anavula magalasi n'kuwayang'ana kuyambira kumapewa mpaka ku nsapato za kuntchito. "Tikupitirire? Ndi chimphepo chimenechi? Iwe, ndakhala ndikukusakasaka kuyambira ndili ndi tsitsi!"

Amenewo ndiwo a Gray, pulambala wa ku Tipton, mtsogoleri wa timu. Miyendo yawo ili ngati machesi: imayaka kamodzi kokha, koma ikayaka, pa kachigawo kotsiriza kaja pofika pa mzere womalizira, palibe wowagwira. Vuto lawo linali loti mphepo imawatha asanafike poyatsira. A Lameck atalowa timu, atawapezera njinga yopepuka ngati ambulera ndi nsapato zomatirira ku mapedulo, zinthu zinasintha. A Gray anayamba kumaliza pakati pa oyamba. A Lameck ankafika kumapeto, nthawi zina omaliza enieni, anthu akupinda kale mbendera, funso lawo limodzi lomwelo: "Zatheka?"

Amene simunaonepo gulu la njinga likudutsa, mwatsala. Choyamba kumabwera njinga yamoto ya nyali zophethira. Kenako zii. Kenako umamva ngati mvula ikubwera pa malata a nyumba za kutsidya, phokoso likukula, likukula, ndipo usanati n'chiyani, fyuu! Amuna makumi angapo athithikana mapewa kugundana, mitundu ya malaya kusakanikirana, udzu wa m'mbali mwa msewu kugona pansi, tsitsi lako kuima. Ndipo kutsogolo kwa chinthu chonsecho, kumphuno kwake kwenikweni, kuli munthu amene Lamulungu amagawa mabuku a nyimbo pakhomo la tchalitchi atavala suti yabuluu. Pakamwa yasaa, mutu osagwedezeka, miyendo ikungozungulira ngati si yake. Amalawi anzathu amene anapitako kukaonerera anabwera akugwira pakamwa. Mayi wina anangoti, "Koma abale, a Kamphinda omwewa?"

Mwezi wa Epulo, mlongo wawo Fyness anamwalira kumudzi. Anadwala masiku ochepa. Mapepala a a Lameck anali asanatuluke, moti kupita sikunatheke. Maliro anawaonera pa foni atakhala pa masitepe, mwana wa mlongo wawoyo akuwazunguliritsa kamera. Chimene chinawakhala m'maso si bokosi ayi. Mnyamatayo potuluka pakhomo anajambulanso msewu, ndipo pamsewupo panali nthambi za masamba aawisi, ina kumtunda, ina kumunsi.

Obadwira kuno mwina simudziwa. Kwathu masamba akagonekedwa pamsewu ndiye kuti pamenepo pali maliro. Galimoto imachepetsa liwiro, wailesi imazimitsidwa, wa chipewa amavula, ndipo wa njinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. A Lameck ali mwana anadutsapo kamodzi ali pa chishalo, akuthamangira ku chigayo. Bambo awo sanawamenye. Anangowabweza kukayambira pa masamba oyamba, thumba la chimanga lili pa keriyala, anthu onse a pa siwa akuyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo sankachitanso kuganiza. Maso akaona masamba, zala zimagwira zokha.

Ku timu sanauze munthu za Fyness. Ankati ayamba bwanji, kwa anthu oti ukawapatsa moni wa bwinobwino amayankha za nyengo.

Patangopita masabata awiri kunali mpikisano kuseri kwa Telford, m'timisewu topapatiza ta pakati pa minda, tokhala ndi mipanda ya zitsamba mbali zonse. Dzulo lake kunawomba chimphepo chogwetsa mabini. Mpikisano utayandikira kumapeto, a Lameck anali pamalo pawo, kutsogolo, a Gray kumbuyo kwawo, kenako Zion, kenako gulu lonse. Ankatsika kamtsetse, liwiro lili pamwamba. Pokhota pa kona, pamsewu panali nthambi yothyoka ya masamba aawisi itagona chopingasa. Chapatsogolo pang'ono panali inanso.

Lamulo lake n'losavuta, ndipo a Lameck ankalidziwa kuposa aliyense: loza ndi chala, kuwa, lambalala, usasiye kupalasa. Malo olambalala analipo ambiri. Koma zala zawo zinafinya mabuleki onse awiri. Phazi lamanzere linachoka pa pedulo. Dzanja lamanja linanyamuka kupita ku lamba wa chipewa.

A Gray analibe ngakhale nthawi yotukwana. Anamenya tayala lakumbuyo la a Lameck, n'kuuluka pamwamba pa mahandulo, phewa n'kukafikira pa phula, khu! Kumbuyo kwawo njinga zinaunjikana, zitsulo kulira, mabotolo a madzi kugubuduka. A Lameck okha ndi amene anatsala chiimire pakati pa msewu, opanda ngakhale kabala, chipewa chili m'manja. Zion anadzuka chigongono chikuchucha magazi, n'kuyang'ana nthambi ija, n'kuwayang'ana iwo.

"Chimenechi? Mwaimira chimenechi? Agogo anga amachidumpha ali ndi ndodo!"

Fupa la paphewa la a Gray linathyoka pawiri.

Lamulungu lotsatira atatuluka m'tchalitchi, banja lonse linapita ku Tipton kukazonda wodwala monga tichitira ife: a Vailet ndi poto wa nkhuku ndi mpunga, mwana wawo Mwai atanyamula malalanje, akung'ung'udza m'Chingerezi njira yonse kuti anthu a kuno sapita kunyumba kwa munthu osaimba foni. A Gray anatsegula chitseko ali ndi kabudula wogonera, dzanja lili m'nsalu, n'kudabwa ngati afikiridwa ndi kwaya. Asanati khalani, a Vailet anali atayamba kale kumasula nsalu ija.

"Anakumangani ndani chonchi? Chigongono chizikhala apa. Mapilitsi mukumwa, kapena mukuchita zachimuna?"

Atapemphera, a Lameck anafotokoza zonse, maso ali pa kapeti: za Fyness, za masamba, za bambo awo ndi thumba la chimanga. Atamaliza, a Gray anafunsa:

"Bwanji sunanene kuti mlongo wako wamwalira, Lam? Tikanakuuza kuti ukhale kunyumba." Anakanda ndevu ndi dzanja labwinolo. "Ndamva. Zoona ndamva, ndipo sindikukusungira kanthu. Koma ndisakunamize. Wamva ndi mutuwu. Zala zangazi sizinamve. Sindikudziwa kuti zidzatani ndikadzaonanso tayala lako."

A Lameck anangogwedeza mutu. Za zala zosamva ankazidziwa bwino.

Lachiwiri lililonse madzulo timu imakumana kukayeserera, kupalasa pamzere mosinthanasinthana. Palibe anawanyoza. Aliyense anawagwira paphewa, "Don't worry, mate." Ngakhale Zion anapepesa za agogo ake zija. Koma itafika nthawi yawo yokhala kutsogolo, a Lameck anasuzumira kunsi kwa mkono monga amachitira, ndipo anaona msewu. Phula lakuda, lalitali, loti njinga ziwiri n'kukwanapo, kenako ndiye tayala la mnzawo. Anachepetsa liwiro kuti awapeze. Nawonso anachepetsa. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Mwezi wa Juni, wa Julaye, chimodzimodzi. Pa mipikisano anyamata ankakabisala kumbuyo kwa anthu a matimu ena, a Lameck n'kumang'amba mphepo okhaokha, kutchingira phula.

Kutukwanidwa kukanakhala bwino. Munthu wotchinga wopanda wobisala kumbuyo kwake ndi chiyani? Ndi bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu wovala kabudula wothina, akutuluka thukuta pamsewu wa eni ake.

Tsiku lina a Vailet pochokera kuntchito anawapeza kukhitchini atagwada, akupukuta tcheni choyera kale.

"Bambo a Mwai, njingayo mwaisambitsa dzulo. Ine amene simunandifunse n'komwe kuti shifiti inayenda bwanji."

"Ndikufuna ndiijambule. Ndiigulitse."

"Gulitsani. Mwina pakhonde pano tizidutsa ngati anthu." Anavula nsapato, n'kukhala pa mpando, n'kuwayang'ana. "Koma mukaigulitsa muzidzalira ndi chiyani? Poti maso anuwo ndiye anakana ntchito. Mlongo wanu munamulira pa masitepe, foni ili m'manja, mawa lake m'mawa munali pa makatoni. Miyendo yanu ndi imene inakumbuka kuti pali maliro. Inalakwitsa malo basi."

"Ndiye nditani, mayi a Mwai? Ndikwere ndege ndikatsike njinga ku Biriwiri?"

"Msewu ndi msewu. Loweruka ndili ofu. Ikani chinthu chanucho m'galimoto."

Anapita ku kamsewu komwe kaja kuseri kwa Telford. Tirigu anali atacha m'minda, kunja kuli bata. A Vailet anathyola nthambi ziwiri pa mpanda, imodzi anaigoneka pa kona paja, inayo anakaigoneka patali ndithu, n'kudzimanga chitenje pamwamba pa jinzi. A Lameck anabwera chapansipansi ali pa njinga. Pa masamba oyamba anagwira mabuleki, natsika, navula chipewa. Anayamba kukankha. Nsapato za njinga sizinapangidwire kuyendera, pansi pake pali kachitsulo, moti munthu wamkuluyo ankayenda ngati bakha, kho, kho, kho, pa phula. A Vailet anayambitsa nyimbo ya maliro ya kumpingo kwawo chapansipansi. Pofika pakati, mapewa aakulu aja anayamba kugwedezeka, ndipo kulira kumene kunatuluka pamenepo kunadzidzimutsa nkhosa za kuseri kwa mpanda. Mlimi wina anatulukira pa thirakitala. Kaya anamva chiyani, kaya anaona chiyani, koma anaima patali n'kuzimitsa injini mpaka a Lameck atadutsa masamba achiwiri. Kenako a Vailet anachotsa nthambi zija pamsewu, n'kuimikira mlimi uja dzanja.

M'galimoto pobwerera a Lameck anati, "Mpikisano wotsiriza ndi wa Seputembala. A Gray akhala atachira. Akakapanda kukhala kumbuyo kwanga tsiku limenelo, ndiye kuti ntchito yanga yatha. Sindikakamira."

Tsikulo linafika ndi mvula yamvumbi, ya kuno ija yosagwa koma yonyowetsa. Misewu ya ku Shropshire inali noninoni ndi matope a mathirakitala ndi ndowe za ng'ombe. Poyambira a Gray ankangotsegula ndi kutseka zala pa mabuleki. Anali atayeserera ndi timu kangapo chichirireni, koma nthawi zonse ankakhala kumapeto kwa mzere, kutali ndi aliyense.

Chigawo choyamba chinayenda bwino, gulu lili pamodzi. Zinthu zinavuta atatulukira pamtunda popanda mipanda, pamene mphepo inawamenya cham'mbali. Mphepo ya m'mbali ndi yoipa kuposa ya kumaso. Gulu limatambasuka ngati chingamu, kenako limaduka. Linadukadi. Amphamvu khumi ndi angapo anapita, Zion ali momwemo. A Lameck akanatha kupita nawo, miyendo inalipo. Anacheuka. Kumbuyo kutali, payekha pakati pa msewu, kamunthu ka ndevu zofiira kakulimbana ndi mphepo, mutu ukugwedezeka uku ndi uku.

Anasiya kupalasa n'kudikira.

A Gray atawapeza, a Lameck analowa kutsogolo kwawo, cha mbali yochokera mphepo, n'kuyamba kukoka. Anasuzumira kunsi kwa mkono. Phula. A Gray anali kumbuyo ndithu, koma patali, pamene mphepo imabwereranso mwaukali itazungulira msana wa wotchinga. Pamenepo munthu sapuma, amangodzinamiza. Gulu lakutsogolo linkacheperachepera.

"Yandikirani!"

"Ndikuyesa!" Mawu a a Gray anabwera oduka. "Zikukana, Lam!"

Apa ndi pamene mphunzitsi wa ku Biriwiri anadzuka. A Lameck anatsegula pakamwa ndi mawu aja oitanira ana ku gulaundi, n'kuyamba kutchula chilichonse chimene maso awo ankaona, chisanafike.

"Dzenje kumanzere, ndikulambalala! Madzi, ndikudutsa pakati! Ndikusintha giya! Kona ya kumanja, sindigwira buleki! Ndowe, ndikuponda!"

Munthu akamakoka pa liwiro limenelo mpweya umakhala wa golide, sautaya pa mawu. Iwo ankautaya. Chifuwa chinkawotcha ngati ameza makala, koma sanasiye. Mphepo inathothola tsamba limodzi lachikasu pa mtengo, n'kuligwetsera pamsewu patsogolo pawo.

"Tsamba! Limodzi! Louma! Palibe wamwalira, tikupita!"

Kumbuyo kunamveka chinthu ngati kutsokomola. Anali a Gray akuseka, akutukwana, akusekanso. Ndipo pang'ono ndi pang'ono kupuma kwawo kunayamba kumveka pafupi. A Lameck sanayerekeze kusuzumira. Anangomva kalikiliki wa tayala la munthu amene wasiya kupalasa kwa kamphindi, tikitikitiki, pafupi penipeni, ngati m'thumba la malaya awo. Wopalasa amasiya kupalasa mu mphepo yotere pokhapokha ngati mphepoyo sikumukhudza.

"Pita, Basi," anatero a Gray, osakuwa n'komwe. "Ndakwera."

Zimene zinachitika pamenepo anaziona ndi anthu ochepa: wa njinga yamoto, mayi wina woyendetsa galu, ndi oimika magalimoto pa mphambano. Koma onse amanena zofanana. Ati munthu wamkuluyo anagona pa mahandulo, msana n'kukhala tebulo, ndipo njinga ziwirizo zinasanduka chinthu chimodzi cha matayala anayi. Madzi ankagawanika uku ndi uku. Anadutsa otsalira mmodzimmodzi ngati aima. Ena anayesa kudziphatika kumbuyo, koma anapirira pang'ono n'kutayika. Pa makona a Lameck ankakuwabe, mawu atasasa, ndipo a Gray ankagona nawo limodzi osakhudza buleki, pamsewu woterera ngati sopo, phewa lomwe lija lili chapafupi ndi phula. Gulu lakutsogolo linayamba kukula. Anayamba kuona manambala pamisana. Zion atacheuka n'kuona chimene chikubwera, akuti anangokuwa, "Mayo ine, 74 yafika!" n'kupatuka.

Sanaime kumbuyo kwa gululo kuti apume. Analidutsa cham'mbali, a Gray ali chimamatire, mpaka kumphuno. Chikwangwani chosonyeza kuti mzere wayandikira chinadutsa. M'maso mwa a Lameck munayamba kuchita mdima m'mbalimbali, miyendo inali ya munthu wina, m'kamwa mukumveka chitsulo. Anakoka mpaka pamene thupi linati basi, n'kukokanso pang'ono. Kenako anagwedeza chigongono, chizindikiro chakuti ndatha, pitani, n'kupatukira kumanzere.

Machesi aja anayaka. A Lameck sanaone. Anamva mkokomo wa gulu ukuwadutsa, kenako anatsala okha ndi mvula, mutu uli pa mahandulo, njinga ikuyenda yokha. Kachigawo kotsalako anakayenda ngati nkhalamba yopita kumunda. Minofu ya m'ntchafu inakokana kawiri. Anawoloka mzere anthu atayamba kale kumwa tiyi.

A Vailet anali pamenepo ndi ambulera. Zion anabwera akuthamanga ndi nsapato zake za bakha, akukuwa kuti a Gray amaliza achiwiri, achiwiri, kusiyana ndi woyamba theka la tayala, ndipo akanakhala kuti ameta ndevu akanawina. A Lameck sankamva bwinobwino. Maso awo ankasaka munthu mmodzi.

Anawapeza atakhala pa udzu, atatsamira gudumu la galimoto. Poyamba sanawazindikire. Enawo anali ndi matope m'miyendo ndi madontho apa ndi apo kumaso. A Gray nkhope yonse inali bii. Matope ndi ndowe zinali zitamata chipumi, mphuno, makutu, ndevu zofiira zija osaonekanso mtundu, mpaka m'mano. Atavula magalasi panatsala timabwalo tiwiri toyera, maso ali psuu. Tayala lakumbuyo limaponya matope m'mwamba, koma siliponya patali. Kuti akumate chonchi, uyenera kukhala utaika nkhope yako pamenepo penipeni, osachokapo.

A Lameck anaima n'kumayang'ana nkhope imeneyo, mvula ikutsika m'masaya mwawo.

"Usandiyang'ane ngati mkwatibwi," anatero a Gray, n'kulavula. "Ndadya munda wonse wa munthu. Ng'ombe zake ndazidziwa ndi maina."

"Musameze!" A Vailet anali atagwada kale, akutulutsa mapepala opukutira m'chikwama. "Mukudziwa zimene zimakhala mu ndowe inu? Tsukani m'kamwa. Bambo a Mwai, musangoima ngati mtengo, apatseni madziwo."

A Lameck anatsitsa botolo lawo n'kuwapatsa. Madzi ena anatayikira pa udzu. A Gray anachukucha, nalavula, nachukuchanso, kenako anakweza maso.

"Lachiwiri usachedwe. Ndipo kukuwa kuja usasiye, wamva? Koma za ndowe uzinena msanga, ndizitseka pakamwa."